Phazi la Kakowa

Ndakumvani mukudandaula kuti njira ya ku mlatho wa Lingona ndi yozungulira, bwanji osangodutsa pa dooko lakale. Miyendo ndi yanu, ine sindimanga munthu. Koma sonkhezerani kaye motowo mumve za a Hezekiya, amene ndidakhala nawo khomo ndi khomo ndili mtsikana wongolowa kumene m'banja.

Mlatho usanamangidwe, dooko limenelo linali ndi mwini wake, ndipo dzina lake la ufumu linali Mpondamadzi. Wolowa dzinalo ndiye ankadziwa tsiku loti madzi awolokeka ndi tsiku loti akumeza. Aliyense wodutsa, kaya wamalonda a mchere kaya onyamula maliro, ankayamba waomba m'manja pakhomo pake. Banjalo linali ndi chizindikiro chake: timizere titatu totambasuka ngati zala, kena kamodzi kumbuyo, ndendende phazi la kakowa. Ankachiotcha pa nkhafi, pa mipini ya makasu, pa mpando wa mfumu, ngakhale pa mitsuko ankachilemba dongo likadali lofewa. Koma pa thupi chinkatemedwa kwa munthu mmodzi yekha, pambali pa diso lakumanzere, tsiku limene amayi a mbumba amugwira kuti ndiye alowe dzina.

Mpondamadzi womaliza anali bambo wawo wa a Hezekiya. Alongo ake a mfumuyo adatha ndi nthomba osasiya mwana, ndipo inu mukudziwa za kwathu kuno: dzina limatsata bere. Limapita kwa mwana wa mlongo wako, osati kwa mwana wobala wekha. Mfumuyo itamwalira, akuluakulu adafufuza m'mibadwo yonse, koma mbumba inali itatha psiti. Tsono adachita zimene zimachitika dzina likasowa mwini, adaligoneka. Adathyola mpando, natolera chilichonse chokhala ndi phazi la kakowa, n'kuchiika m'manda momwemo pamodzi ndi mtembo. Mudzi adaupereka m'manja mwa mfumu ya kumtunda.

A Hezekiya nthawiyo anali mnyamata wa ndevu zongomera. Akuti adagwada pamaso pa akuluakulu aja kupempha dzina la bambo wawo, ndipo adawaseka. "Ufumu sapempha, mwana iwe. Ndiponso pano ndiwe mlendo, kwanu ndi kwa amako." Mawu amenewo adawalowa ngati munga wa pachidendene, adayenda nawo moyo wawo wonse.

Ine munthuyo sindinkamukonda, ndisakunamizeni. Anali mmisiri wa ngolo, waluso ndithu, koma wodzimva koopsa, woti moni wako amayamba waupima. Kwa amayi awo adakana kupita. Atakwatira Esinati, Nankhoma wa kutsidya kwa mtsinje, adakananso chikamwini, namutenga mkaziyo chitengwa kudzakhala naye pa bwinja la bambo wawo. Atabadwa mwana wamwamuna, Mayeso, ndiye zidanyanya. Mlongo wake wa Esinati, a Bisalomu, amene pamwambo ndiwo mwini mwanayo, adabwera ndi nkhuku kudzaona khanda. A Hezekiya adawabwezera panja, nkhuku ili m'khwapa.

"Mwana uyu ndi wanga," adatero. "Magazi a Mpondamadzi awa. Alibe malume, alibe kwina."

Ankanena zimenezi paliponse, pamowa, pamaliro, kumsika, mofuula ngati akuuza ogontha. Ife tinkangotsinana n'kumaseka.

Mayeso ali wamng'ono, mano a ubwana asanayambe kugwa, adagwidwa ndi malungo aakulu mpaka kumakomoka. Inali nthawi ya dzinja, msewu wa kuchipatala utaduka. A Hezekiya adathamangira kwa sing'anga wina wa kuphiri, amene adawapatsa mankhwala akuda m'kansupa nati akamuteme mwanayo mphini pambali pa diso n'kupakamo. Sadanene kuti mphini zotani. Anene chiyani? Mphini za mankhwala ndani sazidziwa, timizere tiwiri toimirira basi. Koma bambo uja, mwana akuuma pamiyendo pake, maso atadzaza misozi, dzanja lake lidatema mphini yokhayo imene linkaidziwa, imene ankaisisita ndi chala pa nkhope ya bambo wake ali mwana.

Ine ndinali pomwepo, nditagwira miyendo ya mwanayo. Esinati adapukuta magazi ndi nsonga ya chitenje, ndipo tonse tidaliona phazi la kakowa. A Hezekiya adaponya lumo lija pansi ngati lawaotcha.

"Sindinafune," adatero. "Amake Mayeso, Mulungu akundiona, sindinafune."

Pa zimenezo zokha ndidawakhulupirira, ndipo ndimawakhulupirirabe. Mwana adachira. Kutacha adapempha phala, tonse tidapuma, ndipo za mphini ija palibe adafuna kuzitchulanso.

Choyamba kusowa chinali kampando kamene a Hezekiya ankakhalira posema matabwa. Kenako mphasa yatsopano ya Esinati, imene adaiyanika pa tsindwi la nkhokwe. Kenako tambala wanga woyera. Apo ndiye ndidalusa, ndidatukwana mudzi wonse kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, ndipo mpaka lero alipo anthu amene sandipatsa moni chifukwa cha tambala ameneyo.

Chimanga chitayamba kuuma, Esinati adabwera kwathu m'mawa wina akukoka mwana padzanja. M'mutu mwa Mayeso munali mbuu, ufa.

"Anangondo, mundisungireko ufa wanga kwanu kuno. Mwanayu wayamba kuseweretsa chakudya. Ndamukwapula, sakumva."

Ndidausunga. M'nyumba mwawo simudatsale ufa ngakhale wodzaza chikhatho. M'mawa mwake mwana adadzukanso mutu uli mbuu. Esinati adakanda pang'ono ndi chikhadabo, nandiikira pa lilime. Sunali ufa wa chimanga. Unali wa mapira, ndipo kwathu kuno mapira tidasiya kulima ine ndisanabadwe. Tidayang'anizana, chifukwa tonse tinkadziwa amene amathiridwa ufa kumutu: munthu wosankhidwa, pomusangalalira.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, tinkapita kuchigayo ine ndi Esinati, mwana ali patsogolo. Pamphambano yopita ku dooko, pansi pa mkuyu, padakhala akuluakulu angapo atafunda nsalu zakuda zomangira paphewa, zija za kale. Ndidawapatsa moni, osayankha. Nkhope zawo musandifunse. Ndikati ndiwayang'ane kumaso, maso anga ankangotsikira pansi okha, kotero chimene ndidaona bwino ndi miyendo. Inali yonyowa mpaka m'mawondo, madzi akudontha pa fumbi.

Adatsetsereka pa mizu ya mtengo ija, nagwada. Osati kwa ife. Adaomba m'manja pang'onopang'ono, mmodzi nati, "Wawa, Mpondamadzi. Madzi ali bwanji lero?"

Mayeso adaima. Adayankha ndi kamawu kake komwe kaja ka masiku onse, ndipo chimenecho ndicho chidandiopsa kwambiri.

"Ali m'chiuno. Akazi adikire mawa."

Esinati adaponya thumba la chimanga, nanyamula mwana, liwiro. Ine ndidamutsata, chimanga changa ndidachisiya pomwepo, ndipo sindidakachitengenso.

Kuyambira pamenepo mwana uja adayamba kutichoka tikumuona. Adaleka kusewera. Adakana kudya m'mbale imodzi ndi anzake, kenako adakana kudya wina akumuyang'ana, kenako ankangolawa n'kukankha mbale. Ankakhala pakhonde atayang'ana kumtsinje, manja pamawondo ngati nkhalamba yodikira mlandu. Amayi ake akamuitana ankacheuka mwaulemu, monga umachitira ndi mayi wa eni. Dzuwa likamalowa tinkamva nthungululu kuchokera ku dooko, zapansipansi, ngati za amayi ambiri amene ali kutali kwambiri. Agalu ankalowa pansi pa nkhokwe osauwa.

Esinati sadakhale pansi. Adabereka mwana mpaka kuchipatala, adamuyeza zonse, matenda osapezeka. Adaitana akulu a mpingo, adapemphera mpaka mawu kusasa. Tsiku lina ndidamva mwana akubuula kuseri, ndipo nditathamangirako ndidapeza mayi akukhula chipsera chija ndi mwala wotsukira mapazi, magazi ali chuchuchu, iye mwini akulira kuposa mwanayo. Ndidachita kumulanda mwalawo. Bala litapola, phazi la kakowa lidatulukanso, looneka bwino kuposa kale.

Ndiye amayi okatunga madzi adabwera tsiku lina mitsuko ili yopanda kanthu. Pa mchenga wa pa dooko, adatero, pamangidwa kanyumba ka bango laliwisi, kopanda zenera. A Hezekiya adapita kukaona. M'katimo adapezamo mphasa ya Esinati itayalidwa bwinobwino, kampando kawo kali pakati, ndi nthenga zoyera pakhomo. Linali tsimba, kanyumba kobindikiramo munthu wogwidwa ufumu asanamuonetse kwa anthu. Kusiyana kwake n'kwakuti tsimba la amoyo munthu amatulukamo. A Hezekiya adalitentha lonse mpaka phulusa. M'mawa mwake linali chiimire, bango lake lobiriwira.

Madzulo a tsiku limenelo a Hezekiya adatenga lumo, nadzitema okha phazi la kakowa pambali pa diso, napita kukakhala m'tsimbamo. Esinati adawagwira malaya, koma iwo adamukankha. Adabwerako kutacha, akuyenda ngati munthu wodwala chaka chonse. Pankhope pawo panali patapakidwa matope a mumtsinje, ndipo titawasambitsa tidapeza khungu lili see, popanda ndi kabala komwe.

"Akuti bwanji?" adafunsa Esinati.

"Andiseka," adatero, osakweza maso. "Bambo anga omwe anali pomwepo. Andiseka."

Munthu wodzimva uja adakhala pansi pa fumbi n'kulira ngati mwana, ndipo chidani changa chonse chidathera pomwepo. Ndidawamvera chisoni.

Tsopano mwana adayamba kumadzuka mbandakucha n'kumalowera kumtsinje. Amayi ake ankamumangirira kudzanja lawo ndi chitenje pogona, koma podzidzimuka ankapeza mfundo itamasulidwa bwinobwino, chitenje chitapindidwa pambali. Tsiku lina adamugwira atafika kale pa mchenga. Anali atatsala mafupa okhaokha, miyendo ngati mapesi, koma amuna awiri adavutika kumubweza. Tsiku lomwelo Esinati adandisiyira mwana, nawoloka kukagwada kwa mlongo wake, amene anali asanamuone chibwezedwere ndi nkhuku ija.

A Bisalomu sanali munthu wanzeru zakuya, ayi. Anali wogulitsa fodya, wankhuli, wamkamwa, wosunga mangawa. Adafika ali fuu ndi mkwiyo, nayang'ana mwana ali gone pamphasa.

"Akufa saba," adatero. "Amatenga chawo. Mwana wa mlongo wanga angakhale wawo bwanji, ngati palibe anawapatsa? Zaka zonsezi mwakhala mukulengeza kuti ndi magazi a Mpondamadzi, alibe malume. Ife tinkayesa ndi mowa. Iwo anamva. Kenako mwamudinda ngati nkhafi. Mumafuna atani, akane mphatso?"

"Ndichite chiyani, alamu?" Kanali koyamba a Hezekiya kuwatchula choncho.

"Mukawauze kuti munanama. Pa dooko pomwepo, mokweza monga munkanenera pamowa. Mwanayu ndimutenge ine mwini wake, akakulire kwawo. Ndipo musadzamutchulenso kuti ndi wanu, kaya pagulu kaya muli nokha. Akadzangokumvani, abweranso."

"Zikatero amusiya?"

"Ndikudziwa ine? Ndinafako kale ine? Ndikungoti mwambo umene unakumanani dzina ndi wawo womwe. Mwina auopa."

A Hezekiya adatembenukira kwa mkazi wawo. Esinati ankawakonda amuna akewo, ndikuuzeni, ndi kudzimva kwawo komwe. Adagwada pafupi nawo, nawagwira bondo.

"Ndipita naye," adatero. "Mukatsatira, adzakuitanani, inu mudzayankha. Ndikukudziwani. Tsalani, kuti akhale moyo."

Tidapita m'mawa mwake, nthawi ya chisanu, nkhungu ili tolo pamtsinje. Tinali anayi ndi mwana: a Bisalomu ndi Esinati patsogolo, a Hezekiya atabereka Mayeso kumsana, ine pambuyo ndi kamtolo ka zovala. Ena onse a m'mudzi adatseka zitseko. Titafika pa mchenga tidapeza khomo la tsimba lili pululu. Munthu sitidamuone. Koma madzi a pa dooko, amene nyengo imeneyo amayenda osalala, ankagawikana malo ambirimbiri monga amachitira akakumana ndi miyendo ya munthu woimirira. Ndipo m'nkhungumo munkamveka kuomba m'manja, kofatsa, kosalekeza.

A Bisalomu ndi Esinati adalowa m'madzi mpaka pakati. A Hezekiya adawatsata, ine ndidatsala m'mphepete, madzi ali m'mapazi.

"Ndinanama," adatero a Hezekiya.

Adanena motsitsa kwambiri, ngati munthu wopempha mchere. Kuomba m'manja kuja kudapitirira, kudayandikiranso. Ndidaona mwana akutsetsereka kumsana kwawo, kupendekera ku tsimba, ngati pali amene akumulandira. Esinati adakuwa.

"Kwezani mawu! Bambo a Ma..." Adadzigwira pakamwa. "A Hezekiya, kwezani mawu, akumutenga!"

Pamenepo adafuula, ndi mawu aja ankatisokosa nawo kumsika.

"Ndinanama! Mwana uyu si wanu! Ndi wa bere la kutsidya, mwini wake ndi uyu waima apayu! Ine ndine tambala chabe, ndilibe mwana!" Mawu adawathera, napuma, nayambanso. "Bambo, dzina lanu linatha. Linathera pa inu. Palibe wina."

Manja aja adaleka. Kudangoti zii, ngakhale achule. A Hezekiya adamasula nsalu, natsitsa mwana, namupereka kwa a Bisalomu osamuyang'ana kumaso, ndipo adabwerera kudzaima pafupi ndi ine. Koma madzi anali akugawikanabe. Tsopano onse aja anali atasonkhana mbali yathu, kutizungulira, chete.

A Bisalomu atatsala pang'ono kuponda mtunda wa kutsidya, mwana adatsokomola. Kenako adalira. Kulira kwenikweni kwa mwana, kwa njala ndi kuzizidwa, kumene tinali tisanakumve miyezi yonseyo. Adadzutsa mutu paphewa la malume ake, nayang'ana uku ndi uku, ndipo adawaona.

"Ababa! Ababa, bwerani!"

A Hezekiya adasuntha phazi limodzi kulowa m'madzi. Ndidamva kuzizira kukundikhudza m'miyendo, ngati anthu akupanikizana kuti amve bwino. Kutsidya Esinati adali atagwira mutu ndi manja onse awiri, akupukusa.

"Ababa! Mukundisiya? Ababa!"

Adabweza phazi lija. Adatembenukira kwa ine, mlomo wawo wam'munsi ukutuluka magazi poulumidwa, nandifunsa mokweza kuti onse amve.

"Anangondo, mwana akulirayo ndi wa yani?"

Ndakhala ndikuyankha mafunso moyo wanga wonse, pakamwa panga simupadziwa inu, koma limenelo lidandilemera. Ndidayankhabe.

"Ndi wa a Bisalomu."

"Auzeni amutonthoze," adatero. "Kukuzizira."

Madzi adayamba kusalala, malo amodzi amodzi, mpaka mtsinje udangoyenda monga mtsinje. A Hezekiya adakwera mtunda osacheuka, ine pambuyo pawo, mwana akuitanabe.

Mayeso adachira. Ali moyo mpaka lero kutsidyako, ali ndi ana ake ndi zidzukulu. A Hezekiya adakhala zaka zambiri pambuyo pake, okha pa bwinja lija, akukhoma ngolo. Mwanayo ali wamng'ono ankabwera m'mphepete mwa mtsinje kudzawaitana akawaona akudula bango tsidya lino, kenako atakula adaleka, poganiza kuti bambo ake adamutaya. A Hezekiya sadamuyankhe ngakhale kamodzi.